Kumwa maantibayotiki mwana akadali kubere

Mayi wachira masabata awiri apitawo, chilonda cha opareshoni chayamba kutuluka mafinya, ndipo kuchipatala amupatsa makapisozi a masiku 7. Atafika kunyumba apongozi akutembenuza kapepala ka mankhwalawo n'kufunsa kuti, "Nanga zimenezi sizilowa m'mawere? Mwanayutu ngwakhanda."

Apongoziwo sanalakwe kufunsa. Mankhwala amalowadi mumkaka, koma pang'ono zedi. Pa amoxicillin, khanda limayamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mlingo wa mayi, tikayerekeza ndi kulemera kwa matupi awo. Akatswiri sadera nkhawa mlingowu ukachepera pa magawo 10. Ndiponso amoxicillin yemweyo madokotala amamwetsa makanda odwala chibayo, pamlingo waukulu kuposa umene ungadutse m'bere. Chimene chimandiopsa ine ndi mantha a pakhomo. Mayi amabisa makapisozi pansi pa mphasa matenda n'kumakula, kapena amachotsa mwana kubere n'kuyamba kumupatsa phala lamadzi asanakwane miyezi 6.

Poyambira ndi m'chipinda cha dokotala. Musaganize kuti poti mwana ali kumsana ndiye kuti adokotala aona okha. Mzere ukakhala wautali cholembera chimathamanga. Nenani pakamwa kuti, "Ndikuyamwitsa, mwana ali ndi masabata atatu." Msinkhu wa mwana ndi wofunika chifukwa chiwindi ndi impso za khanda la mwezi woyamba zimachedwa kuchotsa mankhwala m'thupi. Onjezani ngati anabadwa masiku asanakwane, ngati anabadwa wochepa thupi, kapena ngati anachitapo chikasu m'maso. Tchulaninso zonse zimene mukumwa: ma ARV, mankhwala a TB, owonjezera magazi, akulera, ngakhale achikuda. Ngati penicillin anakutulutsanipo zidzolo kapena kukutupitsani milomo, nenani asanalembe.

Kenako, pawindo lolandirira mankhwala, dziwani dzina la chimene mwapatsidwa. "Makapisozi ofiira ndi achikasu" si dzina, mankhwala osiyana amatha kuvala mtundu umodzi. Onetsetsani kuti dzinalo lalembedwa m'buku lanu la kuchipatala.

Amoxicillin, cloxacillin, flucloxacillin, cephalexin ndi jakisoni wa ceftriaxone alibe vuto kwa mayi woyamwitsa. Gentamicin nayenso, chifukwa matumbo a mwana samuyamwa kwenikweni. Erythromycin ndi azithromycin amaloledwa, koma khanda la masabata oyambirira likayamba kusanza mwamphamvu nthawi iliyonse likayamwa, pitani nalo kuchipatala.

Metronidazole, amene ambiri timamudziwa kuti Flagyl, amatha kuwawitsa mkaka pang'ono moti mwana amachita tsinya pabere. Pitirizani kuyamwitsa. Pokhapo mukapatsidwa mlingo waukulu wa magalamu 2 womwa kamodzi m'pamene madokotala ena amati mudikire maola 12 mpaka 24. Mowa ayi, ngakhale wamasese, pa masiku onse a Flagyl.

Bactrim, kapena kuti cotrimoxazole, ndiye wofunika kumumvetsa, poti amapezeka paliponse. Kwa mwana wathanzi wopitirira mwezi umodzi savuta. Kwa khanda lobadwa masiku asanakwane kapena lachikasu, angathe kukulitsa vuto la chikasucho, choncho dokotala amasankha mankhwala ena. Nitrofurantoin wa matenda a m'chikhodzodzo amapewedwanso mwana akakhala wa masabata oyambirira. Koma mayi amene ali ndi HIV ndipo amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku mwa dongosolo la kuchipatala asasiye yekha chifukwa chowerenga ndime ino. Akambirane ndi anamwino.

Doxycycline wa masiku ochepa amaloledwa, wa miyezi ayi. Ciprofloxacin amaperekedwa pakasowa wina woyenera. Chloramphenicol wakumwa kapena wobaya ndiye wopewa, chifukwa angasokoneze kapangidwe ka magazi m'mafupa a mwana. Mankhwala a TB saletsa kuyamwitsa, koma mwanayo amafunika kuunikidwa ndi kupatsidwa ake omuteteza, poti odutsa m'bere ndi ochepa moti sangamutchinjirize. Rifampicin amasandutsa mkodzo, nthawi zina mkaka womwe, kukhala wofiirira, ndipo amafooketsa mapiritsi akulera ndi njira yolera ya pamkono.

Tsopano kamwedwe. "Katatu pa tsiku" ndi maola 8 aliwonse, monga 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku, osati nthawi ya nsima yokha. Ngati n'kotheka imwani mwana akangomaliza kuyamwa. Koma khanda limayamwa ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku, ndiye musalilize njala pofuna kulondola wotchi. Doxycycline ndi ciprofloxacin musamwere pamodzi ndi mkaka kapena mapiritsi owonjezera magazi, amene amayi ambiri amatuluka nawo kuchipatala akachira. Siyanitsani ndi maola osachepera 2. Mukaiwala, imwani mukangokumbukira, koma osaphatikiza milingo iwiri. Malizani masiku amene mwauzidwa ngakhale thupi litapepuka pa tsiku lachitatu. Ndipo otsala a chaka chatha, a mnzanu wa pa mjigo, kapena ogula pabenchi kumsika, asiyeni. Chimfine wamba sichimva maantibayotiki, malungonso ali ndi mankhwala ake.

Pa masiku amenewa diso likhale pa mwana. Chimbudzi chikhoza kufewa kapena kubwera pafupipafupi, pathewera pakhoza kufiira, ndipo m'kamwa mukhoza kutuluka zoyera ngati mkaka wogona zimene sizichoka mukapukuta. Izi sizifuna kusiya kuyamwitsa, koma zoyerazo zionetseni kuchipatala, makamaka nsonga za mawere anu zikayamba kuyabwa kapena kuotcha, kuti nonse awiri mulandire mankhwala. Zosadikira kuti kuche ndi izi: mwana kukana bere, kutentha thupi kapena kuzizira, kulefuka, kukomoka, kubanika, liwombo kulowa, magazi m'chimbudzi, chikasu, zidzolo thupi lonse. Inunso mukatupa nkhope kapena kubanika mutamwa mankhwala, lekani kumwa ndipo thamangirani kuchipatala.

Bere lotupa, lofiira, lotentha ndi lopweteka ndi chifukwa china chimene amayi oyamwitsa amalandirira maantibayotiki. Kumudzi ena amati mkaka wa bere lotere waola. Sunaole, ndipo kulisiya lodzaza ndi kumene kumabweretsa chithupsa. Yamwitsani monga mwa nthawi zonse, ndipo mwana akakana lifinyireni m'kapu. Mayi amene ali ndi HIV afunse anamwino msanga, makamaka nsonga ikang'ambika n'kumatuluka magazi, chifukwa angauzidwe kuyamwitsa bere linalo n'kumafinya lodwalalo. Pakatha masiku awiri mukumwa mankhwala koma osasintha, bwererani.

Dokotala akanena kuti mankhwala amene mukufunikira sagwirizana ndi kuyamwitsa, funsani kaye kuti, "Kodi palibe ena amene ndingamwe ndikuyamwitsa?" Nthawi zambiri alipo. Ngati palibedi, funsani maola kapena masiku oti mudikire, ndiponso chimene mwana azimwa. Mpata ukakhalapo finyiranitu mkaka musanayambe mankhwala. Umakhala bwino maola 4 m'kapu yoyera yovundikira pamalo ozizirirapo, ndipo mwana mum'mwetse ndi kapu, osati botolo. Pa nthawi yodikirayo finyani maola atatu aliwonse, usiku womwe, n'kutaya, kuti mawere asaume. Chipatala chikakhala kutali, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena imbani Chipatala cha pa Foni, kapepala ka mankhwala kali m'manja kuti muwawerengere dzina.