PHUNZIRO: Kodi Nsomba za M'madzi Zingawerengedwe?

Mwini ng'ombe awerenga ziweto zake pakhomo pa khola madzulo alionse. Nanga nsomba, zimene maso sazipenya, aziwerenga ndani? Alipo anthu ophunzira amene ntchito yao ndiyo imeneyi, ndipo chida chao chachikulu ndi masamu.

Otchuka mwa iwo ndiwo Ray Beverton (1922–1995) ndi Sidney Holt (1926–2019), a ku England. Itatha nkhondo yachiwiri, anyamata awiriwa anagwira ntchito limodzi pa doko la Lowestoft. Pa zaka za nkhondo asodzi ambiri sanapite panyanja ya North Sea, ndipo pobwerera anapeza nsomba zitachuluka ndi kukula. Apa panaoneka poyera kuti dzanja la munthu lichepetsadi nsomba. Buku lao, lotuluka mu 1957, likuwerengedwabe mpaka lero.

Tsono taonani njira yao. Zinthu ziwiri zionjezera nsomba: kuswana ndi kukula. Ziwirinso zichotsa: imfa yachibadwa ndi ukonde. Wophunzirayo aimirira padoko, nayesa utali ndi kulemera kwa nsomba zogwidwa. Zaka zake aziwerenga pa mamba, kapena pa timiyala ta m'mutu mwake, timene tili ndi mizere yonga ya m'thunthu la mtengo. Zina aziika chizindikiro naziponyanso m'madzi. Zikagwidwanso zambiri, adziwa kuti usodzi wakula. Pomaliza aonkhetsa zonse, napeza muyeso umene asodzi angatenge chaka ndi chaka popanda kutha mbewu.

Phunziro lao lalikulu nali: ukonde wa maso aang'ono ugwira nsomba isanakule ndi kuswana, ndipo kuchulukitsa mabwato kupitirira muyeso sikuchulukitsa nsomba ai. Zifanana ndi kukolola chimanga chisanakhwime.

Nkhaniyi itikhudza ifenso. Mu 1945 Rosemary Lowe, wa ku Liverpool, anafika kunyanja yathu kudzaphunzira za chambo. Pambuyo pake, cha m'ma 1990, chambo cha m'nyanja ya Malombe chinasowa chifukwa cha kusodza kopitirira. Choncho, awerengi okondedwa, boma likatseka nyanja pa miyezi imene chambo chiswana, musayese nkhanza. Ndi masamu osungira ana athu ndiwo.

Mafunso:
1. Tchulani zinthu zinayi zimene zisintha chiwerengero cha nsomba.
2. Kodi ukonde wa maso aang'ono uipiranji?