Phunziro: Amayi a Ndale, Foni ndi Lamulo Lachisanu ndi Chitatu

M'chaka cha 1963 Papa John XXIII analemba kalata yotchedwa Pacem in Terris, ndipo pakati pa zizindikiro za nyengo yatsopano anatchulapo kulowa kwa akazi m'ntchito zoyendetsa dziko. Chaka chomwecho, pa 4 Disembala, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Inter Mirifica, chonena za nyuzipepala, wailesi ndi kanema. Nkhani ziwirizi zinatuluka padera, koma lero zakumana m'kanthu kamodzi kakang'ono, ndiko foni ya m'manja.

Dziko la Malawi laona amayi pa mipando yaikulu. Mayi Rose Chibambo anali mkazi woyamba kukhala pa udindo wa unduna. Mayi Joyce Banda analamulira dziko kuyambira 2012 kufikira 2014. Mayi Catherine Gotani Hara anasankhidwa Sipikala mu 2019, ndipo mu 2025 Mayi Jane Ansah anakhala wachiwiri kwa Pulezidenti. Komabe njira yofikira kumeneko njotsetsereka kwa mwamuna, kwa mkazi njokwera. Msonkhano wa pabwalo udya ndalama: galimoto, zokuzira mawu, nsalu za chipani, chakudya cha ovina, ndipo ndalama zotere zipezeka kawirikawiri m'matumba a amuna. Akuluakulu akumbukira kuti m'masiku a chipani chimodzi amayi ankadzaza bwalo ndi nyimbo ndi magule, koma wolankhula anali wina.

Apa mpamene Facebook ndi WhatsApp zathandiza. Mayi wosowa galimoto angathe kuonetsa mjigo umene wakonzetsa, kuyankha bodza tsiku lomwelo, ndi kutumiza mawu ojambula amene amveka ngakhale kwa wosadziwa kuwerenga, osadikira mtolankhani kapena mkulu wa chipani kuti am'patse mpata. Phinduli lili ndi malire ake, pakuti m'midzi intaneti njodula ndipo akazi okhala ndi foni ngochepa kuposa amuna. Nchifukwa chake wailesi ndi msonkhano sizinathe ntchito.

Koma khomo limene mayiyo alankhulira ndi lomwelo limene chipongwe chilowera. Mu 2021 bungwe la Inter-Parliamentary Union linafalitsa zimene linapeza pofunsa aphungu aakazi 137 a m'maiko 50 a mu Africa: 80 mwa 100 aliwonse anazunzidwapo ndi mawu oopseza kapena onyoza, ndipo 46 mwa 100 ananyozedwa pa intaneti chifukwa choti ndi akazi. Ngakhale ku Britain ziliko. Bungwe la Amnesty International linapeza kuti m'masabata oyandikira chisankho cha 2017, pafupifupi theka la mawu achipongwe otumizidwa kwa aphungu aakazi pa Twitter linagwera munthu mmodzi, Diane Abbott, mkazi wakuda woyamba kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya dzikolo.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi mtundu wa chipongwecho. Phungu wamwamuna akalakwa, anthu am'funsa za ndalama za chitukuko. Wamkazi am'funsa za mwamuna wake, za kavalidwe kake, za amene akuti anagona naye kuti apeze mpando. Am'tchula dzina lija losayenera kulembedwa m'nyuzi ino, ndipo masiku ano am'pangira ndi zithunzi zabodza pa kompyuta. Cholinga cha mawu otere si kukonza dziko ayi, koma kum'chititsa manyazi kuti atsike. Mtsikana wa kusekondale amene awerenga zonsezi aphunzirapo kuti kukhala chete nkopepuka.

Kodi Eklezia aletsa kudzudzula mayi wa ndale? Iyayi. Wolandira udindo ayenera kuyankha pa ntchito zake, pa malonjezo ake ndi pa chuma cha anthu, ndipo kum'lekerera chifukwa ndi mkazi kukadakhala kum'peputsa mwa njira ina. Chimene lamulo lachisanu ndi chitatu liletsa ndi zitatu izi: kuganizira mnzathu zoipa popanda umboni wokwanira, kujeda, ndiko kuulula zolakwa zake zobisika popanda chifukwa choyenera, ndi kunamizira, ndiko kuipitsa mbiri yake ndi bodza. Lamulo lomweli limanganso mayi wa ndale mwini wake. Iye akalemba anyamata ganyu yotukwana mnzake wopikisana naye, tchimo nlofanana.

Akhristu ambiri adziwiringula kuti, "Sindinalembe ndine, ndangotumiza." Koma wonyamula nkhuni zotenthera nyumba ya mnzake sangaloze chala kwa woyatsa machesi yekha. Papa Francis, m'uthenga wake wa Tsiku la Zofalitsa Nkhani mu 2018, anayerekeza nkhani zabodza ndi machenjerero a njoka ya m'buku la Genesis. Ndipo njokayo lero iyenda pa zala za otumiza. Tsono pali mfundo imene iiwalika kawirikawiri: monga wakuba ayenera kubweza chimene anaba, wowononga mbiri ya mnzake ayenera kuikonza. Kulapa kwa wansembe sikuchotsa ngongoleyi. Amene anafalitsa bodza m'gulu la anthu zana abwerere m'gulu lomwelo, nanene poyera kuti linali bodza.

Akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, amene ambiri a iwo ndiwo oyang'anira magulu a WhatsApp a parishi, ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wonyansa ndi kum'langiza mseri amene wautumiza. Akumbutsenso akhristu kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 liwerenga kuzunza munthu pa intaneti ngati mlandu, wolipitsa chindapusa kapena kutsekeretsa m'ndende.