Musagule Koyilo Musanapeze Silinda Yomwe Yagona

Galimoto zambiri zonyamula anthu pa Mzimba Boma, monga Toyota Sienta ndi Probox, zili ndi injini ya masilinda anayi. Silinda iliyonse imakoka mpweya ndi petulo, pisitoni nkuzipanikiza, pulagi nkuyatsa moto, kenako utsi nkutuluka. Masilindawa amayaka mosinthana motsatira dongosolo la 1-3-4-2. Imodzi ikalephera kuyaka pa nthawi yake, amakaniko amati injini ili ndi misfire. Vutoli limadya ndalama zambiri munthu akayamba ndi kugula zitsulo mongoganizira, pomwe kupeza gwero lake nthawi zambiri kumangofuna sipana ya pulagi ndi kudekha.

Zizindikiro zake

Galimoto ikaima koma injini ili kulira, imanjenjemera mpaka chiwongolero kugwedezeka. Mukaponda mafuta imatsokomola, ndipo ku ekizozi kumamveka phuphuphu komanso fungo la petulo wosapsa. Pa chitunda mpamene zimaonekera bwino: galimoto yodzaza anthu ikamakwera Chikangawa pa msewu wa M1 kupita ku Mzuzu, silinda imodzi ikagona ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu latha. Toyota Vitz ya injini ya masilinda atatu imataya gawo limodzi mwa atatu.

Yang'ananinso nyale ya injini pa dashibodi. Ikangoyaka, mukhoza kuyenda pang'onopang'ono mpaka ku galaja. Ikamathwanima, imani. Petulo wosapsa akukayakira mu ekizozi, ndipo akhoza kusungunula catalytic converter, chitsulo chomwe mtengo wake umaposa mapulagi anayi kutalitali.

Zinthu zitatu zimene silinda imafuna

Kuti silinda iyake pamafunika moto wa pulagi, msakanizo woyenera wa mpweya ndi petulo, ndiponso kupanikiza kokwanira kwa pisitoni. Misfire iliyonse imachokera pa chimodzi mwa zitatuzi. Choncho mafunso ndi awiri okha: ndi silinda iti, ndipo ikusowa chiyani?

1. Pezani silinda

Galimoto zamakono zili ndi kompyuta yomwe imasunga makodi a zovuta. Makaniko akalumikiza makina owerengera pa soketi ya pansi pa chiwongolero, kodi ya P0301 imatanthauza silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, mpaka P0304. Kodi ya P0300 imatanthauza kuti vutolo likudumphadumpha m'masilinda angapo. Kumbukirani kuti kodi imatchula silinda, siitchula chitsulo chomwe chafa.

Ngati makinawo palibe, lizani injini, kenako zulani waya wa injekita imodzi kwa masekondi ochepa nkubwezeretsa. Silinda yamoyo mukaichotsera petulo, injini imanjenjemera kwambiri kuposa poyamba. Imene mwazula koma kulira kwa injini osasintha, ndiyo yagona. Osagwira waya wa pulagi ndi manja injini ikulira, chifukwa koyilo imatulutsa mavoti oposa 20,000.

2. Yesani moto

Zimitsani injini, idikireni izizire, chifukwa kumasula pulagi pa injini yotentha kumaononga mazinga. Mu Sienta ndi Probox silinda iliyonse ili ndi koyilo yakeyake pamwamba pa pulagi, ndipo izi zimatipatsa mayeso aulere. Tiyerekeze kuti yagona ndi silinda yachiwiri. Sinthanitsani koyilo yake ndi ya silinda yachitatu, nkulizanso injini. Vuto likasamukira ku silinda yachitatu, koyiloyo ndiyo yafa. Likatsala pomwepo, koyilo ndi yabwino, musaigule. Chitaninso chimodzimodzi ndi pulagi.

Pulagi mukaitulutsa iwerengeni ngati kalata. Yabulawuni wotuwa ili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma ikusonyeza kuti petulo akuchuluka kapena mpweya ukuchepa. Yonyowa ndi oyilo kunsonga ikuloza ku maring'i a pisitoni kapena masilu a mavavu. Yoyera mbuu ikusonyeza kuti petulo akuchepa. Mukapeza oyilo atadzaza m'dzenje momwe mumalowa koyilo, gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba ikudontha, ndipo koyilo yatsopano nayonso idzaonongeka mukapanda kuisintha.

Pa galimoto zakale zokhala ndi mawaya aataliatali a mapulagi, nkhungu ya ku Chikangawa mu June ndi July imaulula waya wong'ambika. Lizani injini mumdima: mudzaona timoto tabuluu tikudumphira ku chitsulo.

3. Yesani mpweya ndi petulo

Injini ya petulo imafuna magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Galimoto zoyenda m'misewu ya fumbi ya kumidzi, monga ya ku Manyamula ndi ku Euthini, zimatseka msanga fyuluta ya mpweya, ndipo fumbi limamatiranso pa sensa yoyeza mpweya. Tulutsani fyuluta muiyang'anitse ku dzuwa; ngati kuwala sikudutsa, isintheni. Mvetseraninso kalikhweru ka paipi yong'ambika yomwe ikulowetsa mpweya wosayezedwa.

Injekita muiyese poika nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa iyo, chogwirira nkuchiika pa khutu. Yogwira ntchito imamveka tiki-tiki mosalekeza.

Ngati masilinda onse akutsokomola, dzifunseni kumene munathira mafuta komaliza. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Mafuta akasowa anthu nkuyamba kugula a m'zigubu, m'thanki mumalowa madzi, dothi, ngakhalenso parafini. Thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, nkulisiya mphindi zingapo: madzi amakhazikika pansi. Mankhwala ake ndi kukhuthula thanki ndi kusintha fyuluta ya mafuta, osati mapulagi.

4. Yesani kupanikiza

Moto ukakhalapo, petulo nkumafika, koma silinda osadzuka, makaniko ayeze kompuresheni ndi geji yake. Masilinda onse ayenera kufanana, kusiyana kwake kusapitirire pafupifupi 10 pa 100 alionse. Silinda imodzi ikatsika, thiranimo kasupuni ka oyilo nkuyezanso. Geji ikakwera, maring'i atha. Ikapanda kukwera, ganizirani za vavu yopsa. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, makamaka madzi a mu rediyeta akamachepa ndipo ekizozi ikutulutsa utsi woyera, ndiye kuti gasiketi ya hedi yapsa. Imeneyi ndi ntchito ya ku galaja.

Chifukwa chotsatira dongosolo

Zitsulo zambiri amachita kukazigula ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ndipo chamagetsi mukachigula nkovuta kuchibweza. Mwini taxi yemwe wagula makoyilo anayi pomwe vuto linali pulagi imodzi wataya ndalama zomwe zikanalipira fizi ya mwana. Mukapita kwa makaniko, mufunseni mwaulemu kuti: yagona ndi silinda iti, ndipo mwatsimikiza bwanji? Makaniko wodziwa ntchito amakondwera kukuonetsani.

Mafunso okambirana

1. Kodi ya P0303 yasanduka P0301 mutasinthanitsa makoyilo a silinda yachitatu ndi yoyamba. Mugula chiyani?

2. Galimoto yayamba kutsokomola makilomita awiri kuchokera pamene inathiridwa mafuta a m'chigubu. Muyambira pati?

3. N'chifukwa chiyani nyale ya injini yothwanima ili yoopsa kuposa yongoyaka?