Phunziro la Luso la Manja: Kukongoletsa Nyumba pa Eid ndi Zinthu Zimene Tikadataya

Masiku a Eid akayandikira, ndalama pakhomo zimakhala ndi ntchito zambiri: mpunga, nyama, mafuta ophikira, zovala za ana, Zakaat ul-Fitr, ndiponso fizi ya teremu yotsatira. Zokongoletsa za m'sitolo zimabwera kumapeto, ndipo m'nyumba zambiri sizifika n'komwe. Choncho ana ena amakula akuganiza kuti nyumba yokongola pa chikondwerero ndi ya anthu andalama okha. M'phunziro lino tikufuna tione kuti chitini cha mkaka, katoni ya sopo, makope odzadza ndi zidutswa za nsalu zingasinthe bwanji maonekedwe a nyumba popanda kuchotsa ndalama pa chakudya. Tionanso kuti masamu ndi sayansi zimene timaphunzira m'kalasi zimagwira ntchito pamenepa.

Chifukwa chake n'chiyani?

Choyamba, chipembedzo chathu chimaletsa israaf, kutanthauza kuononga kapena kumwaza zinthu mopyola muyeso. Kulowa m'ngongole chifukwa cha zokongoletsa za tsiku limodzi ndi kuononga, ndipo kutaya chinthu chimene chikadagwiranso ntchito ndi kuononganso.

Chachiwiri ndi zinyalala. M'chaka cha 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, ndipo m'chaka cha 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi chiletsocho. Komabe majumbo ndi mabotolo tikuwaonabe m'ngalande. Amatseka njira ya madzi nthawi ya dzinja, udzudzu umaswana m'zitini zimene zatekera madzi, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zikameza majumbo zimadwala. Zokongoletsa zambiri zogula n'zapulasitiki, ndipo pakangopita masiku ochepa zimakathera kudzala.

Chachitatu, lusoli si lachilendo kwa ife. Koloboyi amene agogo athu ankaunikira anapangidwa ndi kachitini kapena kabotolo. Galimoto za mawaya ndi mpira wachikulunga tonse tikuzidziwa. Anzathu a ku Egypt nawo ali ndi nyali ya Ramadhan yotchedwa fanous, imene amisiri a mumzinda wa Cairo akhala akuipanga ndi malata ndi magalasi amitundumitundu kwa zaka mazanamazana. Anthu ambiri amati mwambowu unayamba m'nthawi ya mafumu a Fatimid, amene anakhazikitsa mzindawo m'chaka cha 969.

Tisanayambe: zoyenera kusankha ndi zoyenera kusiya

Tisonkhanitse zitini za mkaka kapena za tomato, makatoni, makope akale, makalendala, zidutswa za nsalu zotsala kwa telala, zotsekera mabotolo, makoko a chimanga, waya ndi chingwe cha khonje. Zida zake ndi sizasi, lula, pensulo, msomali ndi hamala.

Pali zinthu zitatu zoti tizisamale. Pepala lililonse tiliwerenge mbali zonse tisanalidule. Ngati pali ndime ya Qur'an, hadith kapena dzina la Allah, monga zimakhalira pa makalendala a Chisilamu ndi makope a kumadrasa, tiliike padera ndipo tifunse a Shehe njira yoyenera yolisamalira. Zokongoletsa zimagwa pansi, zimapondedwa, kenako zimasesedwa. Kachiwiri, chitini kapena botolo limene munali mankhwala a mbewu, mankhwala a makoswe kapena asidi wa batire tisaligwiritsenso ntchito ngakhale titalitsuka. Kachitatu, tisiye zithunzi za anthu ndi nyama. Amisiri a Chisilamu kuyambira kale anakometsa mizikiti ndi nyenyezi, maluwa, masamba ndi mizere yolukanalukana, ndipo zimenezi n'zokwanira.

Guluu wa ufa wa chinangwa

Tiyambe ndi chomatira. Tisungunule sipuni 2 zazikulu za ufa wa chinangwa m'madzi ozizira pang'ono mpaka mibulu ithe. Tithire m'kapu imodzi ya madzi amene ali pamoto wochepa, n'kumatakasa mosalekeza. Phalalo likasiya kuyera n'kuyamba kuoneka mbuu ngati loonekera mkati, ndiye kuti lapsa. Tiwaze kamchere pang'ono kuti lisachite chuku msanga, ndipo tidikire lizizire. Chimene chachitika n'chakuti timibulu ta sitachi tamwa madzi n'kufufuma chifukwa cha kutentha. Madziwo akauma, sitachiyo amagwira mapepala awiri pamodzi. Guluuyu amamata pepala, katoni ndi nsalu, koma sagwira pulasitiki kapena chitsulo. Tiphike wongokwanira tsiku limodzi kapena awiri.

Ntchito yoyamba: nyali ya chitini

1. Tichotse pepala la kunja, titsuke chitini n'kuchiumitsa. M'mphepete mwakuthwa, mmene munadulidwa chivindikiro, tiphwanyemo ndi hamala kuti musacheke dzanja.

2. Tidule pepala lokwanira kuzungulira chitinicho, n'kujambulapo nyenyezi, mwezi kapena mizere yokhotakhota pogwiritsa ntchito timadontho. Pakati pa dontho ndi linzake pakhale sentimita imodzi. Timabowo tikathithikana kwambiri chitini chimang'ambika.

3. Tidzadze chitini ndi mchenga wonyowa n'kuutsendera kwambiri, kapena tichiveke pa chipika chokwana bwino. Apa ndiye pagona luso, chifukwa chitini chopanda kanthu chimaphwanyika tikangomenya kamodzi. Amene ali ndi firiji akhoza kuthiramo madzi n'kuwaumitsa.

4. Timangirire pepala lija pachitini ndi mphira, tichigoneke pa chiguduli, n'kuboola dontho lililonse ndi msomali. Misomali iwiri, waung'ono ndi waukulu, imapereka timabowo tosiyana, ndipo chithunzi chimaoneka bwino.

5. Tiboole mabowo 2 moyang'anizana cha kukamwa, n'kulowetsamo waya wa chogwirira. Tikhuthule mchenga. Mkati mwa chitini tsopano muli timano takuthwa, choncho tisalowetsemo dzanja mwachisawawa.

Tikaikamo kuwala mumdima, timadontho tija timaonekera pakhoma. Zili choncho chifukwa kuwala kumayenda mowongoka: kumadutsa pabowo pokha, kwina konse chitsulo chimakutchinga. Tiyese kusendeza nyaliyo kutali ndi khoma, tiona kuti chithunzi chikukula koma chikuzilala. Tiyesenso kuikamo katochi ka babu limodzi, kenako tochi ya mababu ambiri. Ka babu limodzi kamapereka madontho ooneka bwino, pamene ya mababu ambiri imawasokoneza, popeza babu lililonse likuponya dontho lakelake.

Ntchito yachiwiri: nyenyezi ya nsonga 8

Nyenyeziyi imapezeka pa makoma a nyumba zakale za ku Morocco ndi ku Alhambra, mumzinda wa Granada ku Spain. Imaoneka yovuta, koma ndi masikweya awiri basi.

Tidule masikweya 2 ofanana pa katoni, mbali iliyonse masentimita 10. Pa sikweya iliyonse tilembe mizere iwiri yochokera pangodya kukafika pangodya yoyang'anizana nayo. Pamene mizereyo yakumana ndiye pakati. Tilase singano pakati pa masikweya onse awiri, n'kutembenuza yapamwamba madigiri 45. Ngati tilibe choyezera ngodya, titembenuze mpaka nsonga zonse 8 zitatuluka mofanana. Timate, kenako tikute ndi nsalu kapena pepala lonyezimira la m'mapaketi a tiyi kapena bisiketi. Pepala lonyezimiralo likakana guluu wathu, tilisokerere ndi ulusi.

Tikayang'anitsitsa, malo amene masikweya awiriwa asanjikizana ali ndi mbali 8 zofanana. Ngodya iliyonse ya mkati mwake ndi madigiri 135, ndipo zonse pamodzi ndi madigiri 1,080. Ophunzira a Fomu 2 atsimikize yankholi ndi njira imene anaphunzira m'kalasi.

Mwezi wokhala pambali pa nyenyeziyi suvuta. Tijambule mozungulira mbale pa katoni, kenako tiike mbale yocheperako pang'ono mkati mwa chozunguliracho, yokhudza m'mphepete mbali imodzi, n'kujambulanso. Chotsala pakati pa mizere iwiriyo ndiwo mwezi.

Ntchito yachitatu: timbendera ta nsalu

Matelala amakhala ndi zidutswa za zitenje zambiri pamene Eid ikuyandikira, ndipo tikapempha mwaulemu ambiri amapereka. Tisanadule, tiwerengere. Tiyerekeze kuti khoma ndi lotalika mamita 4, amene ndi masentimita 400. Kambendera kalikonse, kooneka ngati samusa, kakhale masentimita 12 m'mwamba, ndipo tisiye mpata wa masentimita 3. Ndiye kuti kalikonse kakudya masentimita 15. Tikagawa 400 ndi 15 tipeza timbendera 26, n'kutsala masentimita 10. Chingwe chikhale chotalikirapo, mamita 5, kuti tipeze pomangira ndiponso kuti chilendewere bwino.

Podula tisaononge nsalu. Pa chidutswa cha masentimita 60 m'litali ndi 15 m'lifupi, tikadula mosinthanitsa, kena nsonga pansi kena nsonga m'mwamba, tipeza timbendera 9. Choncho zidutswa 3 zotere zikwanira khoma lonse. Tipinde mbali ya m'mwamba pa chingwe n'kusoka kapena kumata. Pakati pake tikhoza kupachika zotsekera mabotolo zoboola pakati, kapena maluwa a makoko a chimanga. Makokowo tiyambe tawaviika m'madzi kwa kanthawi kuti afewe, kenako tipinde n'kumanga ndi ulusi.

Ntchito yachinayi: nyali ya pepala ya azing'ono athu

Iyi ndi ya ana a kupulayimale, ndipo ndi ife akuluakulu amene tiwaphunzitse. Pa pepala tidule kachidutswa ka masentimita 2 kumbali yaifupi kuti kakhale chogwirira. Lotsalalo tilipinde pakati m'litali. Kuyambira popinda, ticheke mizere yotalikirana masentimita 2, koma tilekeze patatsala masentimita 3 kuti tifike m'mphepete. Tifunyulule, tizungulize kuti mbali ziwiri zazifupi zikumane, timate, n'kuikapo chogwirira. Nyali imeneyi ndi yongopachika. Kandulo siyandikira pamenepa.

Za moto ndi mabala

Chisangalalo chisasanduke maliro. Kuwala kwabwino koika m'nyali ya chitini ndi katochi kapena kababu ka batire. Ngati tagwiritsa ntchito kandulo, ikhale yaifupi, yoimikidwa mumchenga pansi pa chitini, ndipo nyaliyo ikhale pansi kapena panja, kutali ndi denga la udzu, makatani, neti ya udzudzu ndi timbendera tathu. Chitsulo chimatenga kutentha msanga, motero chitini ndi waya wake zimaotcha. Tikamapita ku Swala kapena kokagona, tizimitse. Botolo la pulasitiki lisakhale ndi moto mkati, ndipo tisasungunule pulasitiki pamoto chifukwa utsi wake ndi woipa m'chifuwa.

Amene wachekedwa ndi chitini kapena walasidwa ndi msomali atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo auze munthu wamkulu. Bala lakuya kapena lolowa dothi n'lofunika kupita nalo kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha kafumbata. Hamala, msomali ndi lezala zisakhale m'manja mwa ana aang'ono.

Eid ikatha

Tisataye. Timbendera tichape, tipinde, tisunge m'katoni pamodzi ndi nyenyezi pamalo ouma, ndipo zitini tizipukute kuti zisachite dzimbiri. Eid ul-Fitr imakhala pa 1 Shawwal ndipo Eid ul-Adha pa 10 Dhul Hijjah, kutanthauza kuti pakangopita miyezi iwiri ndi masiku ochepa tidzazifunanso. Tikumbukirenso kuti chaka chowerengera mwezi chili ndi masiku pafupifupi 354, motero Eid imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Zaka zina imagwa m'nyengo ya mvula, zina m'nyengo youma. Ikagwa m'dzinja, zapepala zikhale m'nyumba ndipo pakhonde paikidwe zansalu ndi zazitini.

Mutu umodzi susenza denga. Wina amatha kudula mowongoka, wina kusoka, wina kuwerengera, choncho tigwire m'magulu. Ndipo popanga tisaiwale nyumba zimene mulibe wozikongoletsa: ya agogo okhala okha, ya mnzathu wamasiye, ya neba wathu kaya ndi Msilamu kaya ayi. Kakatoni kokutidwa bwino ndi nsalu, koikamo mandasi kapena zitumbuwa, ndi mphatso yokwanira.

Mafunso ndi ntchito

1. Fotokozani tanthauzo la israaf, ndipo perekani zitsanzo 2 za mmene imaonekera pa masiku a chikondwerero.

2. N'chifukwa chiyani timadzadza chitini ndi mchenga tisanaboole?

3. Khoma la kalasi ndi lotalika mamita 6. Pafunika timbendera tingati ngati kalikonse pamodzi ndi mpata wake kakudya masentimita 15? Nanga pafunika zidutswa zingati za nsalu za masentimita 60 ndi 15?

4. Tchulani mitundu 2 ya zinthu zimene sitiyenera kuzigwiritsa ntchito, ndipo perekani zifukwa.

5. M'magulu a anthu 5, pangani zokongoletsa ziwiri: chimodzi cha m'kalasi, china chokapereka kwa munthu wokalamba wa m'dera lanu. Lembani zimene mwagwiritsa ntchito ndi ndalama zimene mwaononga, ngati zilipo.

Tiyambe kusonkhanitsa zipangizo sabata ino, osadikira usiku woonekera mwezi. Allah atifikitse pa tsikulo tili moyo ndi athanzi. Eid Mubarak kwa inu nonse ndi mabanja anu.