Kujambula Zithunzi pa Khoma la Sukulu

Chaka china ndinakayendera ophunzira athu amene anali kuphunzitsa moyeserera pa sukulu ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota. Pa khoma la Sitandade 7 anali atajambulapo mapu okongola oonetsa Nyanja ya Malaŵi, mtsinje wa Bua ndi nyanja yaing'ono ya Chia. Nditabwererako mvula itatha, ndinapeza mapuwo atamatuka ngati makungwa a bulugamu. Ndalama za utoto anasonkha ndi makolo, asodzi ndi alimi a mpunga, ndipo komiti ya sukulu inakana kusonkhetsanso. Ana sanalakwe kanthu. Cholakwika chinali kukonza kwa khoma ndi kusankha kwa utoto.

Kukonza khoma

Pulasitala watsopano amakhala ndi madzi ndiponso ukali wa laimu wa mu simenti. Utoto wamafuta ukapakidwa pamenepo, ukaliwo umausandutsa ngati sopo, ndipo umafeŵa n'kuyamba kumatuka. Chotero dikirani masiku osachepera 28 khoma likamangidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pofuna kudziŵa ngati khoma lauma, matanipo pepala la pulasitiki, mutseke mbali zake zonse, ndipo mulisiye tsiku lathunthu. Mukapeza mame mkati mwake, musapake. Khoma likauma, palani njereza yakale yonse, chotsani ndere ndi fumbi ndi bulashi yawaya, ndipo mutseke ming'alu.

Kusankha utoto

Njereza njotsika mtengo koma imayoyoka, ndipo mvula imaitsuka. Utoto wamafuta ngoyenera zitseko ndi mawindo. Pa simenti umatsekera chinyontho mkati. Woyenera ndi utoto wa akiriliki wosungunula ndi madzi, umene pa chitini chake palembedwa kuti ndi wopaka kunja, chifukwa umalola chinyontho kutuluka. Yambani mwapaka pulaima yopirira laimu.

Pa za mitundu, makolo athu akale atiphunzitsa. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2006. Zithunzi zofiira za Akafula ndi zoyera za Acheŵa zakhalitsa chifukwa anazijambula ndi utoto wa dothi, ndiponso pansi pa matanthwe otchinga mvula. Leronso utoto wofiira ngati katondo, wachikasu cha dothi, wakuda ndi woyera ndiwo umapirira dzuŵa kwambiri. Wofiira kwambiri ndi wina woŵala mothobwa m'maso umasuluka msanga.

Malo ndi nthaŵi

Sankhani khoma limene denga lake latulukira kunja, osati loyang'ana kumadzulo kumene dzuŵa lamasana limaomba kwambiri. Musajambule m'munsi mwenimweni mmene madzi a mvula amathovukira. Siyani theka la mita. Pakani pakati pa Meyi ndi Okutobala, nthaŵi ya m'maŵa. Tsiku limene mwera ukuulutsa mchenga, kapena nkhungu zatuluka m'nyanja, ntchito iime, pakuti zonsezi zimamatirira pa utoto wosauma.

Ntchito ya ana

Khoma likhale phunziro kuyambira pachiyambi. Ana ajambule chithunzi papepala, kaya ndi cha chambo, cha bwato, kapena cha mkuyu umene David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe. Kenaka alembepo timabokosi ta masentimita 2, ndipo pakhoma alembe ndi choko mabokosi a masentimita 20. Potero adzaona okha tanthauzo la kukulitsa chinthu kakhumi.

Aŵerengenso okha utoto wofunika. Khoma la mamita 6 m'litali ndi mamita 2 m'mwamba ndi masikweya mita 12, ndipo kupaka kaŵiri ndi 24. Ngati chitini chikunena kuti lita imodzi imakwana masikweya mita 8, pafunika malita 3.

Musanagule utoto wambiri, ana aumbe timiyala titatu ta simenti. Tikauma, kena apake njereza, kena utoto wamafuta, kena akiriliki, ndipo atisiye padzuŵa ndi pamvula teremu yonse, akumalemba zimene akuona sabata iliyonse. Timiyalato mukationetse kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti popempha ndalama. Makolo akaona ndi maso ao utoto umene wapirira, sadzakayika kusonkha.