Kujambula zinkhwe ku Liwonde: vuto ndi phuma lanu

Ambiri amabwerako ku Liwonde ndi zithunzi za masamba ndi michira ya mbalame zothawa, kenako n'kumadandaula za kamera. Kamera ilibe mlandu.

1. Zida. Lenzi ya 300mm kapena 400mm ikukwanira. Yogwirapo kale ntchito mwina mungaipeze pa madola 200 mpaka 500, malinga ndi mwayi wanu. Foni isiyeni m'thumba, chifukwa kachinkhwe kotchedwa Lilian's Lovebird n'kotalika masentimita 13 kapena 14 basi.

2. Nyengo. Pitani m'chilimwe, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okotobala. Tizinkhweti timagona m'mphako za mitengo ya tsanya, ndipo madzi akasowa timasonkhana pa zithaphwi zotsala. Woperekeza alendo amazidziwa zithaphwizo.

3. Kudikira. Apa ndi pamene anthu amalephera. Akangomva kulira kwa zinkhwe amauza dalaivala kuti asendere pafupi, kenaka asenderenso, mpaka gulu lonse lauluka. Chinkhwe chimakuonani inu musanachione, ndipo chimodzi chikachita mantha zonse zimabalalika.

Fikani pachithaphwi m'mamawa, mbalame zisanabwere. Imitsani galimoto dzuwa lili kumsana kwanu. Zimitsani injini, tsamiritsani lenzi pawindo, ndipo mukhale phee. Zikafika sizitsikira pamadzi nthawi yomweyo. Zimayamba zatera pamtengo wapafupi, kusuzumira uku ndi uku, zikupendeketsa mitu. Imeneyi ndi nthawi yomwe dzanja limayabwa. Musadine. Musaloze ndi chala, musanong'oneze mnzanu kuti "taonani". Dikirani choyamba chitsike chimwe, zinzake zitsatire. Pamenepo jambulani.

Zikauluka, musazitsatire. Ndikubwereza, musazitsatire. Khalani pomwepo, kawirikawiri zimabwerera. Ngati simungathe kukhala ola limodzi osayendayenda, kajambuleni mvuu mu mtsinje wa Shire, izo sizithawa.

Alipo ena okulangizani kuti muziliza mawu a mbalame pafoni kapena kumwaza chimanga kuti zibwere. Ndi ulesi umenewo. Mukusokoneza mbalame zomwe zili kale zochepa, zimene zakhala zikufanso anthu opha nyama mozembera akathira poizoni m'madzi.

4. Kamera. Shata ikhale pa 1/1000, zikamauluka 1/2000. Chinkhwe n'chobiriwira ngati masamba, choncho kamera imakonda kugwira tsamba. Sankhani kadontho kamodzi ka fokasi, mukaike padiso. Diso likapanda kuoneka bwino, chithunzicho fufutani.

5. Khalidwe. Mbalame yongokhala panthambi aliyense ali nayo. Yang'anirani ziwiri zikukonzana nthenga za m'khosi, kapena chinkhwe cha mtundu wina, cha mutu wofiirira, chachikasu kunsi kwa mapiko, chitagwira chipatso ndi phazi n'kumachitembenuza posaka pomenya mlomo. Zala zake ziwiri zimaloza kutsogolo, ziwiri kumbuyo, ndiye chimagwira ngati dzanja. Nzeru za mbalamezi si nkhambakamwa: chinkhwe chotuwa chotchedwa Alex, chimene Irene Pepperberg anachifufuza ku America mpaka chinafa mu 2007, chinkadziwa mawu oposa 100 ndipo chinkasiyanitsa mitundu ndi maonekedwe a zinthu. M'gulu limodzi la zinkhwe mudzaona cholimba mtima, chamantha ndi chandewu. Sankhani chimodzi, muchitsatire ndi lenzi.

Wina akakutsatsani chinkhwe cha m'khola pamsewu, musagule. Mukagula chimodzi, mawa akagwira china.