Mwana wanga akufuna kukandidyetsa kwa Matchaina

FUNSO

Ndine mayi wa ku Kasenengwa, ndimalima chimanga, nsawa ndi soya. Mwana wanga wamkazi akugwira ntchito ku Lusaka, ndipo wanditumizira ya basi kuti ndikamuone tikatha kukolola. Pa foni nkhani yake ndi imodzi: kalesitilanti ka Matchaina kamene kali pafupi ndi kumene akukhala, ati n'komwe akufuna akandidyetse. Ine mtima suli m'malo. Anzanga kuno akuti anthu amenewa amadya agalu. Ndinenso wa Sabata, nkhumba sindiyandikira. Timitengo tawo todyera sindinatigwirepo chibadwire. Kodi ndipite, kapena ndimuuze angogula ufa tiphike nsima pakhomo? Sindikufuna kumukhumudwitsa, komanso sindikufuna kukachita manyazi pagulu.

Mayi wodandaula, Kasenengwa

YANKHO

Amayi, pitani. Pa nkhawa zitatu mwatchulazi, yoti tikhalirepo pansi ndi imodzi yokha, ya nkhumba. Zinazo n'zopepuka.

Ya agalu tithane nayo msanga. N'zoona kuti m'madera ena a ku China galu amadyedwa, ndipo tauni ya Yulin inatchuka nazo. Koma Matchaina ambiri samudya, ena mpaka amadana nawo mchitidwewo. Mu 2020 mzinda wa Shenzhen unaletseratu, ndipo chaka chomwecho boma lawo silinaike galu pa mndandanda wa ziweto zodyedwa. Kumene mukupitako mukapeza nkhumba, ng'ombe, nkhuku, mwina nkhosa. Ndiponso ife a kum'mawa tisamafulumire kuseka mbale ya mnzathu. Ambuya athu Abemba akhala akutinyoza ndi mbewa kuyambira kalekale, ife n'kumabwezera ndi anyani awo, ndipo mpaka pano palibe wasiya kudya zake.

M'malo ngati amene mwana wanu akunenawo, zakudya ziwiri zimene mungakazipeze ndi za ufa wa tirigu. China ndi dziko lalikulu kwambiri: kummwera kwake kumagwa mvula yambiri ndipo anthu amadalira mpunga, pamene kumpoto n'kozizira ndi kouma, amalima tirigu. Zakudya ziwirizi kwawo kwenikweni n'kumpotoko.

Choyamba eni ake amachitcha jiaozi. Samusa mumamudziwa, wa amwenye athu a ku Chipata amene makolo awo anafika tauniyi ikadali Fort Jameson. Jiaozi ndi m'bale wake wa samusa, kungoti ndi wamng'ono, chikopa chake n'chofewa, ndipo kawirikawiri salowa m'mafuta. Ngati khitchini ili poonekera, dzukani mukaonerere, sakakuthamangitsani. Wophika amadula ufa wokanda m'timibulu ting'onoting'ono, n'kumapsinja kalikonse ndi kamtengo, dzanja lina likuzunguza, mpaka kakhale kozungulira, kopyapyala m'mbali koma kochindikala pang'ono pakati kuti kasabooke. Pakatipo amaika supuni imodzi ya nyama yogaya yosakaniza ndi kabichi, anyezi wamasamba ndi jinja. Kenako amapinda, n'kutsina m'mphepete ndi zala ziwiri kuti pakhale timakwinya. Wozolowera amatha kamodzi inu musanamalize kuphethira kawiri. Kuphika kwake kuli patatu: kuwiritsa m'madzi mpaka tiyandame, kuika pa nthunzi m'timadengu ta nsungwi tosanjikiza, kapena kukazinga pansi pokha kuti pakhale pokhukhuta pamwamba pali pofewa. Kumpoto kwa China banja lonse limakhala pa tebulo kukulunga jiaozi usiku wolowera chaka chawo chatsopano. Ajapani ali ndi wawo wotchedwa gyoza, Akoreya mandu, a ku Nepal momo. Mukaona maina amenewa pa menyu, dziwani kuti ndi mtundu umodzi.

Chachiwiri ndi ma noodles, koma musaganize za aja a m'timapaketi amene ana asukulu amathira madzi otentha. Amenewo anayambitsidwa ndi Momofuku Ando wa ku Japan mu 1958, ndi a dzulodzuloli. Enieni ndi akale zedi. Mu 2005 akatswiri ofukula zakale analengeza kuti pa malo otchedwa Lajia, m'chigawo cha Qinghai, anapeza mbale yovundikirika ya ma noodles a zaka pafupifupi 4,000. Otchuka kwambiri masiku ano ndi a mumzinda wa Lanzhou, okoka ndi manja. Wophika amagwira ufa wokanda mbali ziwiri, amatambasula mikono, amapinda pakati, n'kukokanso. Kupinda kulikonse zingwe zimawirikiza kawiri: ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu, mpaka zitaonda mmene akufunira. Amaziponya m'madzi owira kwa kanthawi kochepa, n'kuzithira m'mbale yakuya ya msuzi wa mafupa a ng'ombe umene wakhala pamoto maola ambiri, pamwamba tinyama topyapyala, masamba onunkhira ndi tsabola wa m'mafuta. Kwa ine mbale imeneyi ndiyo yoyenera kuyambira munthu wobwera koyamba. Ndi yotentha, ndi yokhutitsa, ndipo zonse zili m'menemo mukuziona ndi maso.

Tsopano ya nkhumba. Apa ndiye musachite manyazi ngakhale pang'ono. Pafupifupi theka la nkhumba zonse zodyedwa pa dziko lapansi zimadyedwa ku China. Mtchaina akangoti nyama osatchula mtundu wake, nthawi zambiri akunena nkhumba. Jiaozi wamba ndi wa nkhumba ndi kabichi, ndipo popeza nyamayo ndi yogaya komanso yokutidwa, diso silingakuthandizeni. Alipo a ng'ombe, a nkhuku, a mazira ndi masamba, koma vuto limabisala poti ophika ena amaonjezamo mafuta a nkhumba kuti m'kati musaume, ndipo msuzi wina wa ma noodles umachokera ku mafupa a nkhumba ngakhale nyama yoikidwa pamwamba ili ya nkhuku. Choncho funso loti kodi iyi ndi nkhuku silikwanira. Funsani zitatu: nyama yake, mafuta ake, ndi mafupa a msuzi wake. Poti ndinu wa Sabata, onjezani lachinayi, la zam'madzi zopanda mamba. Tinkhanu touma timathiridwa m'ma jiaozi ena, ndipo pali sosi wakuda wotsekemerera wopangidwa ndi nkhono za m'nyanja amene amakonda kuthira m'masamba okazinga. Mbale ya masamba imaoneka yosalakwa, koma ndi imene imagwetsa anthu ambiri.

Oonetsa alendo pokhala ndi operekera zakudya m'malo otere ku Lusaka nthawi zambiri ndi ana athu omwe, olankhula Chinyanja, ndipo funso la nkhumba si lachilendo kwa iwo chifukwa a Sabata ndi Asilamu m'dziko muno ndi ambiri. Muuzeni woperekera zakudyayo mwachindunji kuti akafunse kukhitchini. Akabwerako akukayikakayika, sinthani mbale. Dziwaninso kuti ku China komweko kuli Asilamu mamiliyoni ambiri, ndipo ma noodles a ku Lanzhou aja anachokera kwa Asilamu a mtundu wa Hui, n'chifukwa chake maphikidwe ake enieni alibe nkhumba. Komabe khitchini imodzi ikamaphika zonse, kufunsa sikulakwa. Chabwino koposa, mwana wanu apite dzulo lake akafunsiretu, kuti tsikulo musakakhale pa tebulo ngati muli pa bwalo la milandu. Zonse zikakanika, pali mbale imodzi imene pafupifupi banja lililonse la ku China limaphika: mazira okazinga ndi tomato, n'kudyera mpunga. Imeneyo ngakhale agogo a ku Mtenguleni angaidye osafunsa.

Chimene chikakudabwitseni n'choti zambiri za pa tebulopo mumazidziwa kale kumunda. Soya amene mumalimayo kwawo ndi ku China, kumene akhala akumulima zaka masauzande. Sosi wakuda wamchere amene ali m'kabotolo pa tebulo ndi soya wofufumitsidwa pamodzi ndi tirigu ndi mchere. Zoyera zofewa zodulidwa m'timabokosi, zotchedwa tofu, ndi mkaka wa soya woumitsidwa. Masamba aja timagula ku msika wa Kapata n'kumati chayinizi, dzinalo silinagwe kumwamba. Nsawa nazo mukazipeza, zokazinga ndi mchere kapena zothira m'nkhuku ya tsabola. Matchaina a ku Lusaka ambiri amagula masamba awo ndi kudya zakwawo pa msika wa JCS ku Longacres, ndipo mwana wanu akakhala ndi mpata akakuyendetseni kumeneko. Mlimi ngati inu akaona mitundu ya kabichi ndi mpiru imene ili pamenepo, sabwerako wopanda maganizo a dimba. Anthuwa sanabwerenso dzulo. Ndi amene anamanga njanji ya TAZARA kuyambira 1970 mpaka 1975, makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, ndipo kwathu kuno alimi a thonje akhala akugulitsa ku kampani yawo ya ku Chipata kwa zaka zambiri.

Za timitengo musataye nazo tulo. Pemphani foloko ndi supuni, alipo, ndipo palibe amene akakuyang'aneni kawiri. Mukafuna kuyesa, kamtengo kam'munsi kamakhala chete pakati pa chala chachikulu ndi chala chachinayi, kam'mwamba ndi kamene kamayenda, kogwidwa ngati cholembera. Jiaozi wowiritsa ndi woterera, amathawa ngakhale eni ake. Chimodzi chokha pewani: musazike timitengo chiimire m'mbale ya mpunga, chifukwa kwa iwo zimafanana ndi lubani wofukizira akufa. Mukapuma, tigonekeni pambali. Kuyandikitsa pakamwa ku mbale ndi kukoka ma noodles mwaphokoso pang'ono si mwano kumeneko.

Kadyedwe kawo sikakhala kachilendo kwenikweni, chifukwa mbale zimaikidwa pakati aliyense n'kumatapa, osati yense yake. Beseni losambira m'manja sabweretsa, mukasambe nokha kumpopi. Tiyi amabwera wopanda shuga ndi mkaka, m'timakapu tating'ono, ndipo mwana ndi amene amathirira mkulu. Jiaozi amasunsa m'viniga wakuda wosakaniza ndi sosi wa soya uja, ena amaonjeza adyo. Tsabola wofiira wa m'mafuta yambani ndi kadontho. Palinso timbewu ta ku Sichuan timene sitiwawa ngati tsabola koma timachititsa dzanzi lilime ndi milomo. Mukamva pakamwa pakunyerenyetsa musaganize kuti akudyetsani mankhwala, zimatha zokha. Chenjeraninso ndi xiaolongbao, tozungulira tokhala ndi msuzi wotentha m'kati, tochokera dera la Shanghai. Ameneyu amaikidwa pa supuni, n'kuboola pang'ono kuti nthunzi ituluke. Koma kwa inu ndi wongoonerera, chifukwa pafupifupi nthawi zonse ndi wa nkhumba.

Ngati muli ndi BP, uzani mwana apemphe kuti achepetse mchere ndi sosi, ndipo msuzi wa ma noodles musaumalize wonse, chifukwa mchere wambiri umakhala m'menemo.

Mbale imodzi ya ma noodles ndi yaikulu, yokwana munthu wochokera kumunda. Anthu awiri, mbale imodzi ya ma noodles, ina ya jiaozi ndi ina ya masamba, mukhuta mpaka kutsala. Zotsalazo pemphani akuikireni m'kabokosi, eni ake amatero ndithu, ndipo jiaozi wogona amakoma m'mawa mukamukazinga pang'ono pa chiwaya. Bilu ikabwera, isiyeni ipite kwa mwana. Musaisuzumire, ndipo musayambe kuwerengera kuti ndalama imeneyo ndi mameda angati a soya, chifukwa iye wakhala akusunga ya tsiku limeneli.